Chitsekero cha Feteleza ndi Tiamphaka ta M'chigafa

Nyii. Nyii. Nyii.

Kaphokoso kake kanali ngati ka pedulo ya njinga yosowa mafuta. Ndinakamva m'mawa wina nyengo yosankha fodya, ndili m'chigafa mwa agogo, ndikutsitsa mikangala yomwe tinkayanikapo masamba. Poyamba ndinasuzumira ku njira yochokera kwa Chulu poganiza kuti wina akudutsa. Kunalibe munthu. Kaphokoso kaja kanamvekanso, ndipo ulendo uno ndinazindikira kuti kakuchokera kuseri kwa mulu wa ziguduli zokutira mabelo.

Ndinanyamula chiguduli chimodzi pang'onopang'ono. Pansi pake panali tiana ta mphaka titatu, titaunjikana pamodzi. Kamodzi kanali kofiirira ngati tsamba lopsa bwino, kena kamawangamawanga, kachitatu kakuda ndiponso kakang'ono kuposa tinzake. Titangondiona, tonse tinayasamula tikamwa, tinaimika ubweya n'kundiopseza kuti fuu! Timano take tinali ngati minga ya chisoso.

Mayi wake ndinkamudziwa. Anali mphaka wopanda mwini, wongoyendayenda m'zigafa za anthu, amene tinkangomuona mchira akuthawa. Ndinkadziwanso kumene anali. Dzana lake ndinali nditamuona m'mbali mwa njira ya ku esiteti, agalu a alonda atathana naye.

Nthawi imeneyo ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi. Makolo anga anamwalira ndili wamng'ono, ndipo ndinakulira m'manja mwa agogo, mayi a amayi anga. Ndinali mwana wosayankhulayankhula. Anthu ankati ndimangoyang'ana ngati ndikuwerenga zinthu. Koma tsiku limenelo ndinatuluka m'chigafa ndikukuwa.

"Agogo! Agogo! Muli amphaka! Atatu!"

Agogo anali pamkeka pamthunzi, miyendo atatambasula, masamba a fodya ali m'milu isanu mowazungulira. Sanadzutse n'komwe mutu.

"Amunanga, lero mwapeza pakamwa?" Ankandiitana choncho akafuna kundiseka. "Amphaka a ndani?"

"A uja anagwidwa ndi agalu."

"Ndiye kuti afa. Tsitsani mikangala."

"Ndikawapatsa chakudya safa."

Apa m'pamene anandiyang'ana. Anandiyang'ana nthawi yaitali ndithu, tsamba lili m'manja.

"Zanu zimenezo. Koma ndiwo za m'nyumba muno musakhudze. Ndipo mazira a nkhuku yanga, ngakhale kuwayang'ana, ayi."

Za mazirazo sankaseka. Chaka chinacho chitopa chinasesa khola lonse n'kutisiyira thadzi limodzi. Thadzilo linali litayamba kuikira m'dengu pakhonde, ndipo agogo ankafuna lifungatire onse kuti khola liyambirenso.

Ndinabwerera m'chigafa mothamanga. Kenako ndinaima. Kamwana ka mphaka kamadya zochuluka bwanji patsiku? Mbuzi imadziwa yokha. Nkhuku umangoiwazira. Koma tinthu tating'ono chonchi, ndikatipatsa zochepa tifa ndi njala, ndikatipatsa zambiri mwina timimba tiphulika. Ndinalibe womufunsa, chifukwa m'mudzi mwathu palibe ankadyetsa mphaka. Mphaka ankadzisakira.

Muyeso umodzi wokha ndi umene ndinkaudziwa bwino. Mvula ikagwa, fodya atawokeredwa, ndinkayenda pambuyo pa agogo m'mizere ndi chitsekero cha botolo m'manja. Iwo ankaboola dzenje ndi kamtengo, ine n'kuthira feteleza. Phando lililonse chitsekero chimodzi, chosalazidwa ndi chala. Mbewu yaikulu chimodzi, yaing'ono chimodzi. Ukasefukiza umaotcha mbewu, ukachepetsa tsamba limabwera lopyapyala. Zimenezi zinali zitandilowa m'manja moti ndikanatha kuthira nditatsinzina.

Choncho ndinakatenga chitsekero chofiira chimene tinkasunga pa denga la nkhokwe, n'kuchitsuka katatu. Ndinapungula phala langa la m'mawa, ndinayeza zitsekero zitatu, chimodzi pa kamphaka kalikonse, n'kuthira zonse pa chivundikiro chakale cha poto. Ndinachikankhira kuseri kwa ziguduli n'kuchokapo, pakuti ndikakhala pafupi tinkangobisala. Nditabwerera ndinapeza chivundikiro chili mbee. Ndinavina ndekha m'chigafamo. Ndinaona ngati ndatulukira chinthu chimene akuluakulu onse a m'mudzi sankachidziwa.

Ndinatero masiku atatu, kamodzi m'mawa uliwonse. Koma kulira kuja sikunathe. Kunakula. Tiwiri tinkalira mpaka agogo anati mutu ukuwapweteka. Kakuda kaja ndiko kanayamba kuchepetsa mawu, ndipo zimenezi zinandiopsa kuposa phokoso la tinzake. Kakayenda, miyendo yakumbuyo inkagwedera.

Tsiku lachinayi agogo anandituma ku malo ogulitsira malonda kukatenga ulusi wosokera mabelo. Golosale imene tinkagulako inali ya bambo wina wachisilamu wochokera kum'mwera, wa kapu yoyera ndi ndevu zochepa, amene ankagulitsa chilichonse kuyambira mchere mpaka machubu a njinga. Zaka zonsezo sindinkayankhula naye kupitirira moni. Koma tsikulo ndinaona chimphaka chonenepa chitagona pa thumba la nyemba, ndipo mawu anangotuluka okha.

"Bambo, mphaka wamng'ono amadya zitsekero zingati?"

Anasiya kukulunga ulusi. "Zitsekero? Amphaka a kwanu amadya zitsekero?"

Ndinafotokoza zonse, mothamanga, ndikupunthwa m'mawu. Nditafika pa phala anagwira mutu.

"Phala! Achimwene, munamuonapo mphaka ali ndi munda wa chimanga?"

Amayi awiri amene ankadikira mchere anaseka. Koma ine sindinachoke. Bamboyo analowa kuseri, anatulutsa thumba la usipa limene linali litatha, n'kukutumulira zotsalira zake pa pepala: timitu, timichira ndi fumbi.

"Izi ndikanataya. Mukasinje, mukasungunule ndi madzi ofunda, zikhale zofewa. Kamimba kake ndi kotere." Anandionetsa nsonga ya chala chachikulu. "Sikalandira zambiri nthawi imodzi. Pang'ono, kenako pang'ono, kenako pang'ononso. Kanayi patsiku."

"Koma zingati?"

"Ine ndidziwe bwanji? Afunseni eni ake."

"Sayankhula."

"Inunso simunkayankhula, lero bwanji?" Anamenya mbale ya sikelo yake ndi chala, inalira ngwee. "Iyi imayankhulira amene alibe mawu. Muziwayeza m'mawa uliwonse asanadye. Akamalemera, chakudya chikukwana. Akamapepuka, mukuwanamiza."

"Ndizibwera nawo kuno?"

"Mtunda wonsewu? Afera m'njira. Mwana wa mlimi wa fodya angasowe sikelo? Kapangeni yanu."

Ndinathamanga njira yonse, pepala la usipa lili m'malaya. Ndinadutsa ngolo ziwiri ndi bambo wina wokankha njinga yonyamula belo. Ulusi ndinaufikitsa, koma sindikumbuka m'mene ndinauperekera.

Sikelo ndinaipanga masana omwewo. Ndinadula chidutswa cha mkangala chowongoka, ndinachimanga chingwe pakati n'kuchipachika pa mtanda wa chigafa. Mbali zonse ziwiri ndinalendeweza zitini za majarini zofanana. Ndinasuntha chingwe chapakati uku ndi uku mpaka kamtengo kanagona mowongoka. Miyala yoyezera ndinalibe, ndiye ndinakatapa mchenga wouma kukhwawa n'kuusefa. Kamphaka m'chitini china, mchenga m'chitini china, ndipo mchengawo ndiziuthira ndi chitsekero changa chomwe chija, ndikuwerenga.

Kuganiza kunali kosavuta. Kugwira tiamphaka ndiye inali nkhondo. Kofiirira kanandikanda padzanja mpaka magazi, kamawanga kanalumpha m'chitini katatu. Mapeto ake ndinatenga sokosi yakale, n'kumalowetsamo kamodzikamodzi mutu wokha uli kunja. Kakakhala m'sokosi kankangoti duu, kakundiyang'ana mwaukali.

Kofiirira kanalemera zitsekero makumi atatu ndi zinayi. Kamawanga makumi atatu ndi chimodzi. Kakuda makumi awiri ndi ziwiri.

Ndinalemba manambalawo ndi khala pa nsanamira zitatu za chigafa, kalikonse nsanamira yake. Ndinaima patali n'kumaziyang'ana ngati mphunzitsi amene wamaliza kulemba pa bolodi.

Usipa unasintha zinthu nthawi yomweyo. Fungo likangofika, ziguduli zinkayamba kugwedezeka. Ndinkathira zitsekero zisanu ndi chimodzi pa chivundikiro chija, ziwiri pa kalikonse, kanayi patsiku: m'mawa, dzuwa likakwera, masana ndi madzulo nkhuku zisanalowe. Mwayi wake sukulu inali yotseka. Phokoso linatha. Agogo anati, "Mwawapha kodi?" Ndinati ayi, akhuta.

M'mawa mwake ndinadzuka tambala asanatsike. Kofiirira, makumi atatu ndi zisanu. Ndinalumpha. Kamawanga, makumi atatu ndi zitatu. Ndinaomba m'manja. Kakuda, makumi awiri ndi chimodzi.

Ndinakhuthula mchenga n'kuyambiranso. Makumi awiri ndi chimodzi.

Ndinaganiza kuti chakudya chachepa, ndiye ndinawirikiza. Tsiku lotsatira tiwiri tija timimba tinali titatupa ngati mipira, ndipo tinatsegula m'mimba pa chiguduli chatsopano cha agogo, chimene ndinakachapa mobisa. Kakuda kanatsika kufika pa makumi awiri. Kutacha kanali pa khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sikanavutenso polowa m'sokosi. Ndikakanyamula ndinkamva nthiti zake m'zala zanga, ndipo maso ake anali atayamba kumata.

Sindinkamvetsa. Chivundikiro chinkakhala choyera nthawi zonse. Muyeso unali wofanana, ndinkasalaza ndi chala monga ndinaphunzirira. Nanga zitsekero za kakuda zinkapita kuti?

Masana amenewo agogo anandikhazika pamkeka kuti ndiwathandize kusankha. Anandifunsa za amphaka, ndinawauza manambala onse.

"Kakudako ndi fodya wa pansi, masamba ofooka aja a kutsinde," anatero. "Sikafika ku okushoni."

Ndinkatola masamba n'kumanga ndindi, ija timamanga masamba ofanana pamodzi kumapesi, koma maganizo anga anali kuseri kwa ziguduli. Posakhalitsa agogo anandilanda ndindi imodzi m'manja n'kuimasula.

"Taonani zimene mukuchita! Ili lalitali, ili lalitali, nanga ili?" Anasolola katsamba kafupi, kopyapyala, kamene kanali pakati. "Mwalibisa m'kati mwa anzake. Kunja ndindi ikuoneka bwino, m'katimu muli zina. Kusankha n'kupatula, amunanga. Lalitali kwa aatali, lalifupi palokha. Zaka zingati ndikukuuzani?"

Ndinayang'ana katsamba kaja. Kenako ndinayang'ana kuchigafa. Masiku onsewa ndinali ndisanaonepo tiamphaka tikudya. Ndinkangoika chivundikiro kuseri n'kuchoka.

Ndinadzambatuka.

"Iwe! Ndikuyankhula!" Agogo akasiya ulemu wachipongwe uja n'kunena kuti iwe, ndiye kuti zafika poipa. Koma ndinali nditapita kale.

Ndinasungunula usipa, ndinaika chivundikiro pamalo ake, ndipo m'malo mochoka ndinakwera pa mtanda n'kugona chafufumimba pakati pa mikangala, fumbi la fodya likundiyabwa m'mphuno. Kofiirira kanatuluka koyamba n'kuponda m'chakudya ndi miyendo yonse iwiri yakutsogolo. Kamawanga kanabwera mbali ina. Kakuda kanafika mochedwa, kakudzikoka. Kanayesa kulowetsa mutu pakati pa tinzake, kofiirira kanangokakankha ndi phewa osatembenuka n'komwe. Kanayesa mbali ina, kanagwa. Pamene tiwiri tija tinkachoka, kakuda kananyambita chivundikiro chouma kawiri n'kugona pomwepo.

Ndinatsala pang'ono kugwa pa mtanda. Mbewu ya fodya imakhala pa phando lake, siipita kukadya feteleza wa inzake. Ine ndinali nditayeza bwinobwino magawo atatu, n'kuwathira m'mbale imodzi.

Ndinatsika, ndinagwira tiwiri tija n'kutivindikira ndi dengu lalikulu. Tinalira, ndinatisiya. Kakuda ndinakaika m'chipewa changa pamiyendo. Ndinasungunula usipa wina, wamadzimadzi kwambiri, ndinausefa pa kansalu kuti pasakhale kaminga, n'kuika chitsekero pafupi ndi kamwa lake. Kanatembenuza mutu. Ndinayesanso, kanatseka maso.

Ndinaviika chala m'chitsekero n'kukapaka pamphuno. Kanakhala kaye. Kenako kalilime kanatuluka kudzapukuta mphuno. Ndinapakanso. Kanapukutanso. Ulendo wachitatu kalilime kaja kanafika pa chala changa, kokhakhala ngati tsamba la dzungu, ndipo sikanasiye. Ndinkaopa ngakhale kupuma. Ndinaviika, kananyambita, ndinaviika, kananyambita, mpaka chitsekero chinafika pakati. Pamenepo kanaleka n'kugona m'chipewamo.

Theka la chitsekero. Umenewo ndiwo unali muyeso wake, ndipo kanandiuza kokha.

Kuyambira pamenepo kalikonse kanali ndi mbale yake ndi malo ake. Tiwiri tija ndinatibwezera pa zitsekero ziwiri, ndipo timimba titakhazikika ndinawonjezera chimodzi n'kuona kuti kofiirira kamatha zitatu koma kamawanga kamasiya pang'ono pa chachitatu. Kakuda sikankatha kudikira nthawi ya tinzake. Ndinkakapatsa theka, kasanu ndi kamodzi patsiku, nthawi iliyonse ndikamaliza ndindi khumi. Agogo anandikalipira chifukwa chothawa pamkeka, koma ataona kuti ndindi zanga zayamba kutuluka mwachangu ndiponso zosasakaniza, anangoti, "Kodi amphakawa ndi akapitawo anu?"

M'mawa wotsatira kakuda kanali pomwe paja, khumi ndi zisanu ndi zinayi. Sikanatsike. Ndinalemba nambalayo kachiwiri pa nsanamira, pansi pa inzake, n'kuizunguliza.

Tsiku linalo ndinathira mchenga ndikuwerenga. Khumi ndi zisanu ndi ziwiri. Zisanu ndi zitatu. Zisanu ndi zinayi. Chitini cha kamphaka chinali chikadali pansi. Ndinathira cha makumi awiri, kamtengo kanayamba kusuntha, kanagwedera, n'kugona mowongoka. Ndinaluma mkono wa malaya kuti ndisakuwe, poopa kuti mwina ndi mphepo chabe. Sindinauze munthu.

Koma kutacha kanafika pa makumi awiri ndi chimodzi, ndipo polowa m'sokosi kanandiluma chala. Kanandiluma ndithu, mpaka ndinamva kuwawa.

"Agogo! Kandiluma! Bwerani mudzaone, kandiluma!"

Agogo anabwera akumanga chitenje, ali ndi mswachi wa kamtengo m'kamwa.

"Mwana uyu wapenga. Walumidwa ndiye akusangalala?"

"Kakwera! Dzana khumi ndi zisanu ndi zinayi, dzulo makumi awiri, lero makumi awiri ndi chimodzi. Onani pa nsanamirapo."

Anayang'ana manambala anga a makala, anayang'ana kamtengo ndi zitini. Agogo sankakhulupirira sikelo iliyonse. Ankati chaka chilichonse belo limachoka pakhomo lolemera n'kukafika kumsika litaonda.

"Sikelo zonse ndi zakuba," anatero. "Iyinso mwini wake ali ndi mbali. Khuthulani."

Ndinakhuthula mchenga. Anandilanda chitsekero, anagwada, n'kuyamba kuthira okha. Chilichonse ankachisalaza ndi chala, monga m'munda muja, ndipo ankawerenga mokweza. Kakuda kanali m'sokosi, kakuwayang'ana ndi maso amene tsopano anali otseguka bwino. Pa makumi awiri ndi chimodzi kamtengo kanagona.

"Hm. Sinthani zitini."

Ndinaika kamphaka mbali ya mchenga, mchenga mbali ya kamphaka. Kamtengo kanapendama pang'ono, kanabwerera, kanagonanso.

Agogo anatulutsa mswachi m'kamwa. Anatambasula chala kuti akhudze kamutu kaja, ndipo kakuda kanayasamula n'kuwauza kuti fuu!

"Iii! Mwano! Fodya wa pansi ameneyu?"

Ndinaseka mpaka ndinakhala pansi m'fumbi. Lero ndikudziwa kuti kamphaka kameneko kanadzakula n'kukhala m'chigafa chathu zaka zambiri, kosalola munthu wina kukagwira koma ine, ndipo makoswe anasiya kuboola ziguduli. Koma m'mawa umenewo sindinkadziwa zimenezo. Ndinkangodziwa kuti usipa wa papepala watsala wa masiku awiri, ndipo kakuda kakufunika kukwera zitsekero zina khumi kuti kafike pamene tinzake tinayambira.

Ndinawauza agogo zimenezo. Anaimirira, anasasa mchenga m'maondo, n'kutuluka.

Ndinatulutsa kakuda m'sokosi n'kuyamba kusungunula chakudya chake. Ndili pakati, ndinamva thadzi lija likukokoma pakhonde, mapiko akumenya dengu, ndi mawu a agogo akulikalipira kuti likhale chete. Kenako mapazi awo anabwerera. Anaima pakhomo pa chigafa, dzanja lina lili m'chitenje.

"Tambasulani dzanja. Onse awiri, mungagwetse."

Anandiika dzira m'manja. Linali lofunda, kanthenga kakang'ono katamatirira pa chigoba.

"Chachikasu chokhacho, musakanize ndi usipa wanuwo. Ndipo muyeze, musathire ngati mukuthirira nazale. Enawo asalawe."

Ndinalifumbatira dziralo ndi manja onse awiri. Agogo anabweza mswachi m'kamwa, anatembenuka, n'kupita kukayala mkeka wawo.